A Filimoni Mwale ndi Mowa Wowawa wa ku Lusaka

Chaka chakwana tsopano chiwaikireni a malume athu, a Filimoni Mwale, kwathu ku Zemba. Loweruka lapitali tinakawamangira chiliza, ndipo mowa umene azimayi a m'mudzi anafulula unatuluka wosasa ngati bwemba. Palibe anadabwa. Chiyambire ine kuzindikira, mowa wa kwathu sunkaperekedwa kwa anthu pokhapokha a Filimoni ataulawa. Ndiye ulendo uno azimayi ankangoyang'anana pa mbiya, uyu akuti wapsa, uyu akuti tiudikire pang'ono, mpaka mowa unapitirira iwo akukanganabe.

Ine za mowawo sizinandidetse nkhawa. Chimene chinandisowetsa mtendere sabata yonse ndi akulu anga a Esinati ndi mwana wawo Tamala. Awiriwa anali atatha zaka osalankhulana, ndipo mawu awo onse ankadutsira mwa a malume. A malume atapita, panalibenso podutsira. Pa chilizapo ndi pomwe ankayenera kuonana koyamba, ndipo ndinkadziwa kuti akabalalika osalankhulana tsiku limenelo, ndiye kuti basi, Tamala alibenso mayi. Koma ndiyambe ndafotokoza za eni akewo, chifukwa amene sanawaone sangamvetse kuti nkhalamba yolawa mowa inalowa bwanji pakati pa mayi wopemphera ndi mwana wake.

A Filimoni anali mlongo wa malemu amayi athu, ndiye kuti ife tonse, ine, a Esinati ndi ana athu, tinali mbumba yawo. Ukwati, maliro, mkangano wa malire a munda, zonse zinkathera pa mpando wawo pansi pa mkuyu. Anali amfupi, a miyendo ya matewe, ndipo ankayenda pa njinga yopanda mabuleki, poima ankakwekweretsa chidendene. Ankalima chimanga, mtedza, ndi thonje pang'ono limene ankalitukwana chaka chilichonse n'kulibzalanso. Koma chimene anatchuka nacho ndi lilime lawo.

Ankaitanidwa mpaka ku Mlolo ndi ku Zingalume. Kukakhala mowa wa dima, wa ukwati kapena wa m'meto, mwini mowa ankatumiza uthenga kuti a Mwale adzamve. Tsiku limenelo fodya wawo wa m'mphuno sankamugwira, tsabola sankamuyandikira, ankangochukucha mkamwa ndi madzi n'kukwera njinga. Akafika, mwini mowa ankagwada, kutunga m'chipanda, kumwa kaye iye mwini anthu akuona, kenako n'kupereka. A malume ankalandira ndi manja awiri. Kununkhiza. Kumwako pang'ono n'kuusunga mkamwa, maso ali m'mwamba. Kumeza. Ndiye kudikira, eee, kudikira kotopetsa, azimayi mitima ili m'mwamba. Ankanena kuti mowa sulankhula uli pa lilime, umalankhula utadutsa pakhosi, ndipo munthu wopupuluma amamva theka la nkhani.

Chigamulo chawo chinali chachifupi. "Uwu ndi wa mawa." Kapena, "Uwu unali wa dzulo." Ukakhala wabwino zedi sankanena kanthu, ankangotambasula miyendo n'kuyamba kufunsa za mvula. Koma akakana chinthu, kaya ndi mowa kaya ndi nkhani, ankatola chipewa chawo cha mlaza n'kuvala, ndipo chipewacho chikafika pamutu panalibenso wowabweza.

Ulemu wonamizira analibe, ndipo ichi chinawapezera adani. Wamkulu wa adaniwo anali a Nangozo, mayi wofulula wa tsidya lina la dambo, amene nthawi ina anathira shuga ndi yisiti kuti mowa upse msanga, poti alendo anali atafupikitsa tsiku. A malume analawa, n'kuyang'ana kumwamba, n'kunena pagulu kuti mowawo wabadwa masiku osakwana, aupititse ku chipatala. A Nangozo anawathamangitsa ndi mthiko mpaka pa njira. Kwa zaka zambiri akakumana ankapatsana moni wa m'khosi. Komabe a Nangozo akafulula, ankadutsa dala pafupi ndi mpanda wa a malume, n'kumadandaulira nkhuku mokweza kuti mowa uli pa mbiya koma m'mudzi muno anthu odziwa kumwa anatha. A malume ankadikira kuti apite, kenako n'kutulutsa njinga. Pa maliro awo, amene analira kuposa tonsefe ndi a Nangozo.

Ndi akulu a mpingo nakonso kunali nkhondo. Mpingo wathu wakale uja wa amishoni unawaimitsa kudya mgonero chifukwa cha chipanda. Iwo sanasiye chipanda, komanso tchalitchi sanasiye. Lamlungu lililonse ankakhala pa benchi ya kumbuyo n'kumaimba besi yomveka mpaka panja. Akulu a mpingo akawayendera, ankawafunsa funso limodzi lokhalokha, lakuti ndani mwa iwo anawanyamulapo kapena kuwatola m'njira. Ndipo zoona, palibe anawaonapo akudzandira. Chipanda chimodzi, zikachuluka ziwiri, basi. Zidakwa ankadana nazo kuposa mmene abusa ankadanirana nazo. Ankati munthu womwa kuti aiwale ndi wakuba, akubera mayi amene anafesa mawere, kumeretsa chimera, kusinja ndi kutentha manja pamoto kuti mowa wake umvedwe. Kachasu ankamutcha palafini. Mowa wa m'mabotolo wa m'magolosale ankautcha madzi otsukira mbale.

Tsono chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyu, amene sakanatha kunamiza mayi wosauka kuti mowa wake wakoma, m'zaka zawo zomaliza anasanduka wabodza wa sabata ndi sabata. Tamala anawagulira kafoni, iwo ankakasunga m'pepala la shuga m'thumba la jekete. Kumudzi kwathu mawu amagwira bwino pa chulu cha kuseri kwa khola, ndiye ankakwera pamenepo ndi miyendo yawo ya matewe ija. A Esinati ankaimba kuchokera ku boma la Chadiza, kumene amagulitsa zitenje pamsika. Ndinawamvapo ndekha a Esinati akunena kuti, "Mumuuze mdzukulu wanuyo kuti ine mwana womwa mowa ndilibe." A malume ankavomera, "Ndamva, ndimuuza." Kenako ankaimbira Tamala ku Lusaka, n'kunena ndi nkhope yowongoka, "Amako akuti kukuzizira, uzivala juzi." Tamala akati, "Muwauze kuti ndatopa kupepesa," uthenga unkafika kwa a Esinati uli wakuti mwana akufunsa ngati bondo lija linasiya kupweteka. Onse awiri ankadziwa kuti nkhalamba ikuwonjezera zake, koma palibe anasiya kuimba.

Panali lamulo limodzi limene a malume sanalithyolepo, ndipo kuti mumvetse za tsiku limene mayi ndi mwana anasemphana muyenera kulidziwa. Kwathu mwini mowa amamwa kaye asanapatse mlendo. Ena amati kuchotsa ufiti. Masiku ano ambiri amangochita mwa chizolowezi, kukhudzitsa mlomo basi, ena amaiwala ndipo palibe amawafunsa. Kwa a malume sizinali za chizolowezi. Ali achinyamata, iwo ndi akulu awo a Yohane anakalima dima kumudzi wina, ndipo munthu wina anapatsa a Yohane chipanda chapadera osayamba wamwako. A Yohane anamwa poopa kuoneka amwano. Pobwerera anayamba kugwira pamimba, ndipo dzuwa lisanalowe a malume anali atawabereka kumsana, akufika nawo kumudzi atauma kale. Kaya munali mankhwala kaya inali nthenda ina, palibe akudziwa mpaka lero. Koma kuyambira pamenepo, chakumwa chimene mwini wake sanalawe a Filimoni sankachikhudza, ndipo munthu wochipereka sankakhalanso naye pansi.

Tamala anakulira m'mpingo wa Pentekoste wa amayi ake, woimba kwaya, mtsikana amene ngakhale thobwa logona ankalikana. Atapita ku Lusaka kukagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, anakumana ndi Dalitso, mnyamata wobadwira ndi kukulira m'tauni momwemo. Dalitso ndi anzake awiri anali ndi kanyumba komwe ankafulula mowa wawowawo, pang'onopang'ono, n'kuuthira m'mabotolo n'kumaperekera malo odyera. A Esinati atamva ntchito ya mkamwini woyembekezekayo, anagwa pansi pakati pa msika. Ndipo musawaweruze msanga akulu angawa. Amuna awo, bambo ake a Tamala, anamira pa mtsinje akuchokera ku kachasu, madzi ake ofika m'mawondo. Amene anakavuula mtembo ndi a malume.

N'chifukwa chake a Esinati anavomera mosavuta kuti nkhani ipite pansi pa mkuyu. Anandiuza ali ndi chikhulupiriro chonse, "Rute, a malume amamwa, koma mowa wa m'botolo amanyansidwa nawo, ndipo anaona okha chimene mowa unandichita. Amukana mnyamatayo, ine sindivutika n'kutsegula pakamwa." Tamala naye anali atanena poyera kuti agogo ake akakana, iye sadzakwatiwa mozemba. Zonse zinali m'manja mwa a malume.

Tamala ndi Dalitso anafika kumudzi m'mwezi wotentha, dzuwa lili paliwombo. Dalitso anabwera ndi malume ake, bambo waulemu koma wokulira ku migodi, amene za kumudzi anaziiwala kalekale. Ife azimayi tinakhala pamphasa, amuna pamipando. Mnyamatayo anandisangalatsa, ndisaname. Anagwada bwino, anawomba m'manja bwino, Chinyanja chake cha m'tauni chinkatiseketsa koma mwano munalibe. Anali atabweretsa mabotolo angapo a mowa wake, ndipo atangofika anapempha kuti tiwaviike mumtsuko wa madzi a pachitsime kuti azizire. Moni ndi malonje zitatha, anatulutsa tambula imene anaikulunga m'thawulo, anatsegula botolo, n'kuthira mopendeketsa, mosamala ngati akusamutsa mazira. Mowawo unali wofiirira, woonekera mkati, thovu loyera pamwamba. Anayenda chogwada n'kupereka ndi manja awiri kwa a malume.

Sanamweko.

A malume analandira tambula ija, sanainunkhize n'komwe, anaiika pansi pakati pa mapazi awo. Aliyense wa kumudzi amene anali pamenepo anazizidwa, koma pa bwalo lotere mzimayi sungalumphe kukanong'oneza mlendo. Dalitso ankaganiza kuti nkhalamba ikusirira mtundu wa mowa wake.

"Agogo, umakoma ukadali wozizira," anatero.

"Mowa uwu ngwa yani?" anafunsa a malume.

"Ndi wanu, agogo. Ndabweretsera inu."

"Ndati mwini wake ndani?"

"Ndinafulula ndine, ndi manja angawa."

"Ehe," anatero a malume.

Anamupatsa mpata, wautali ndithu. Thovu linayamba kutsika. Dalitso anayang'ana malume ake, malume akewo anayang'ana nsapato zawo. Pambali panga a Esinati anayamba kukonza chitenje m'chiuno ngati munthu woti ulendo wake watheka. Ndinaona nkhope ya a malume ikuuma, ija ankakhala nayo akakumbuka a Yohane. Kenako dzanja lawo linatsika kukatola chipewa chimene chinali pabondo.

Chipewa chisanafike pamutu, Tamala anadzuka pamphasa. Anayenda ndi mawondo kudutsa bwalo lonse, fumbi lili kobo, n'kutola tambula ija pakati pa mapazi a agogo ake. Sanakhudzitse mlomo chabe ayi, anamwa ndithu, pakhosi pakuoneka. Nkhope inakwinyika ngati ya mwana amene wamwetsedwa mankhwala a malungo, misozi inalengeza, anatsokomola. Kenako anapukuta m'mphepete mwa tambula ndi chikhatho n'kuikweza ndi manja awiri.

"Ndachotsa, agogo. Imwani."

"Yesu wanga!" anakuwa a Esinati.

A malume anamuyang'ana mdzukulu wawoyo nthawi yaitali. Chipewa chinabwerera pabondo. Analandira tambula n'kuikweza kuloza kudzuwa, ndipo kuwala kunadutsa mkati mwake. Anati mtundu wake ndi wa uchi wakale, uja umakhalitsa m'mphako. Ananunkhiza, n'kubweza mutu msanga, n'kununkhizanso. Anamwako n'kuusunga mkamwa monga mwa nthawi zonse. Atameza, nsidze zinakwera.

"Ukuwawa."

"Inde, agogo," anayankha Dalitso, amene tsopano anali atazindikira chimene analakwa. "Timachita dala."

"Dala? Munthu n'kuwawitsa mowa wake dala?"

Dalitso anapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala ka timaluwa touma, tobiriwira. Anafotokoza kuti amatitcha hopu, timachokera kutali, ndipo amatiponya mumphika mowa ukuwira, tina koyambirira kuti tipereke kuwawa, tina kumapeto kuti tipereke fungo. A malume anafikisa kamodzi m'chikhatho n'kununkhiza. Ndiye anaseka! Anaseka mpaka mano awo otsala onse kuonekera.

"Ndakalamba chonchi, ichi sindichidziwa. Iwe Rute, tabwera udzanunkhize, ichi sindichidziwa!"

Sindinawaonepo akusangalala chonchija. Anamwanso kachiwiri, maso ali chitsinzinire, n'kuyamba kulankhula ngati akutiuza za ulendo umene angobwerako. Anati poyamba m'mphuno mumalowa makoko a lalanje, aja umawasenda m'manja mukununkhira tsiku lonse. Pa lilime pamabwera mbatata yootcha, ija yapserera m'mbali, yotsekemera mosadzionetsera. Ndiye ukameza, kuwawa kwa luni kumabwera pambuyo n'kusesa zonse, mkamwa mumatsala moyera, ndipo umafuna kumwanso kuti uone ngati unamva bwino.

"Chimera chako unakazinga?"

"Inde, agogo. Ndi cha barele, mbewu yonga tirigu, timakazinga mpaka chifiire."

"Ndamva utsi wake. Madzi ake ndi a pampopi?"

Anayamba kucheza ngati alimi awiri pa malire a munda, wina za mawere wina za barele, wina za mbiya wina za migolo ya chitsulo. Dalitso anafunsa mmene amadziwira kuti masese apsa popanda choyezera, a malume anafunsa chifukwa chake mowa wake sugona m'mimba ngati phala. Aliyense ankadabwa ndi mnzake. A malume anafika ponena kuti mowa uwu chidakwa sichingaukonde, chifukwa umakakamiza munthu kumwa modekha.

Apa ndi pomwe a Esinati analephera kupirira. Anaimirira, mwambo kapena ayi.

"Mowa ndi mowa, a malume. Mwamuna wanga uja nayenso anayamba n'kulawa."

A malume anaika tambula pansi, ndipo chimwemwe chija chinachoka pankhope.

"Sukunama, mwana wa mlongo wanga. Ndinamuvuula ndine, kulemera kwake ndikukukumbukabe. Ukanandifunsa dzulo ndikanakuuza kuti mnyamatayu abwerere. Koma nkhani imene unandibweretsera yatha ndisanaiweruze. Ndinafunsa mwini wa mowa, ndipo mwini wake wadzuka pamaso pa tonse. Munthu akamwera mnzake chikho choyamba, ndiye kuti wanena kuti ngati muli imfa iyambe ndi ine. Mwana wako wanena zimenezo iwe ukuona, akudziwa kuti zimudula kwa iwe. Ine ndiletse chiyani pamenepa?"

Kenako anatembenukira kwa Dalitso n'kumuloza ndi chala. "Iwe, tsiku limene ndidzamve kuti walowa m'nyumba ukudzandira, ndidzabwera ku Lusaka pa njinga iyi. Ilibe mabuleki, ndidzaimira pa iwe."

Anthu anaseka, koma a Esinati sanaseke. Anatola chikwama chawo n'kuuyamba wapansi kupita kumsewu, chakudya osalawa. Tamala anawathamangira mpaka pa dambo, akulira, akuitana, koma amayi ake sanacheuke. Kwa iwo, mwana wawo anali atasankha botolo pamaso pa anthu, ndipo a malume amene ankawadalira anali atawagulitsa chifukwa cha fungo la lalanje. Ku ukwati sanabwere. A Esinati anawakwiyira a malume miyezi ingapo yokha, poti munthu sungakwiyire mwini mbumba mpaka kale, koma mwana sanamukhululukire.

Tsiku limenelo a malume anamaliza botolo limodzi lokha, pang'onopang'ono, mpaka mthunzi wa mkuyu unasuntha. Lina anakapatsa a Nangozo, atayamba amwako iwo eni. A Nangozo analavula n'kunena kuti tsopano atsimikiza kuti lilime la a Mwale linafa. A malume anabwerako akuseka njira yonse. Pambuyo pake Dalitso akabwera kumudzi ankawatengera mabotolo awiri atatu, ndipo ankamwa kaye iye mochita kuonetsa, mpaka a malume kumuuza kuti wachotsa ufiti wokwanira, asamalize. Za kudzandira sindinamvepo mpaka lero, ndipo ndikanamva, chifukwa makutu anga ndi aatali.

Ine ndimati a malume anaweruza bwino, ndipo ndidzanena choncho kulikonse. Koma eni akewo sankadzitama nazo. Tsiku lina akutsika pa chulu paja, foni ili m'manja, anandiuza kuti anamanga banja limodzi n'kugumula lina, ndipo sadzapuma mpaka atalumikiza. Bodza lonse la pafoni lija linali ntchito imeneyo. Ankakhulupirira kuti akapitiriza kupereka mawu ofewa mbali zonse, tsiku lina eni ake adzayamba kuwanena okha.

Sanalione tsikulo. Chibayo chinawagwira m'nyengo yozizira, atangomaliza kukumba mtedza, ndipo sichinawachedwetse. Tamala anali m'chipatala ku Lusaka, atangobereka mwana wamkazi movutikira, ndipo madokotala sanamulole kuyenda ulendo wautali. Dalitso anabwera yekha ku maliro, anatema nkhuni ndi kutunga madzi ngati mkamwini aliyense. A Esinati anamuyankha moni, osapitirira apo. Chaka chonse chatha palibe uthenga unadutsa. Ine ndinayesa kulowa m'malo mwa a malume, koma ndine mng'ono, ndipo kunama mokoma sindikutha. A Esinati ankangondiuza kuti ndisamale za kwanga.

Ndiye Loweruka lija, titachoka kumanda, anthu anabalalika m'magulu, ena ku mowa wosasa uja, a mpingo ku thobwa. Pansi pa mkuyu panalibe munthu. Mpando wa a malume anatenga mwana wawo wamkulu pogawana katundu, ndipo pamalo pake panatsala dothi losalala, lolimba, ndi timaenje tiwiri pomwe zidendene zawo zinkakhala. Udzu wamera mozungulira koma pamenepo sunamere. Ndinaona kuti anthu podutsa amalambalala, ngakhale ana.

A Esinati anayala chitenje chawo mbali ina ya malowo n'kukhala, nkhope kuloza kumunda. Patapita kanthawi Tamala anabwera ndi mwana kumsana, n'kukhala mbali inayo, nkhope kuloza kukhola. Pakati pawo panali malo a munthu mmodzi. Ine ndinaima chapatali ndi beseni la mbale.

"Rute," anandiitana a Esinati, "umuuze kuti mwanayo wamumanga kwambiri, akubanika."

"Amayi aang'ono," anatero Tamala, "muwauze kuti ndamva."

Ndinakwiya, ndinene zoona. Anthu akuluakulu, otalikirana mkono umodzi! Ndinawauza kuti wonyamula mawu tamumangira chiliza lero, ine ndili ndi mbale zotsuka. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe, koma maso ndinawasiya komweko.

Tamala anamasula mwana n'kumukhazika pansi. Basi yobwerera ku boma inali itayamba kale kuliza hutala kumsewu, ndipo a Esinati anali atagwira chikwama. Mwana uja, poti sadziwa za kulambalala, anakwawa n'kukakhala pakati penipeni, pa dothi losalala lija. Anapisa chala m'kaenje ka chidendene, n'kutapa dothi, n'kuika mkamwa.

"Iwe Tamala, mwana akudya dothi, sukuona?"

Mawu anatuluka okha, okalipa, a mayi kwa mwana wake. Tamala sanasunthe. Misozi inali ikutsika, koma manja anawasunga pamiyendo.

"Ali pafupi ndi inu, amayi. Mtengeni."

Hutala inaliranso. A Esinati anayang'ana kumsewu, anayang'ana mwana. Kenako anasiya chikwama, ananyamula mdzukulu wawo koyamba, n'kumutokosa dothi mkamwa ndi chala, akung'ung'udza kuti ana a m'tauni salera, amangobereka. Anafunsa dzina lake. Anafunsa ngati wayamba phala. Basi inapita.

Madzulo ake ndinadutsa pansi pa mkuyu ndikukatseka nkhuku. Awiri aja anali atasamukira pakhonde, akukangana za katemera wa mwana, mokweza, popanda wowatanthauzira. Pamalo pa a malume panali timapazi ta mwana ndi nkhuyu zingapo zakugwa. Ndinaima pang'ono, ndinafuna kuwauza a malume kuti zatheka, koma panalibe woti ndimuuze. Ndinalambalala n'kupita kukhola.